Hilux ya 1994 yomwe inapsereza magasiketi awiri: mmene tinaidzutsira pakhomo

Galimoto yake ndi Toyota Hilux LN106 ya 1994, ya kabu imodzi, yokoka ndi matayala onse anayi, ya injini ya dizilo ya 3L. Eni ake ndi bambo wina wolima kufupi ndi Mponela m'boma la Dowa, ndipo ntchito ya galimotoyi inali yodziwika: feteleza mvula ikayandikira, chimanga, soya ndi mtedza pokolola, mabelo a fodya opita ku Kanengo, nthawi zina mpunga wochokera ku Salima. Pomwe ife okonza tinkaitanidwa n'kuti itakhala zaka zitatu pansi pa mtengo, matayala ataphwa, makoswe atamanga zisa kuseri kwa dashibodi. Ntchito yonse inachitikira pabwalo la pakhomo, popanda dzenje kapena makina okwezera galimoto. Zomwe zinakwera ulendo wa ku Lilongwe ndi zitatu zokha: hedi (chitsulo chovundikira masilinda pamwamba pa injini), radiyeta ndi manozo (zopemerera dizilo m'injini).

Chiyambi cha vuto

Chizindikiro choyamba chinaoneka kutatsala zaka ziwiri kuti galimoto iimikidwe. Ikakhala yopanda katundu, singano ya kutentha inkakhala pakati tsiku lonse. Ikasenza matumba, makamaka pokwera mtunda wa ku Mvera pochokera ku Salima, singano ija inkakwawira kofiira, n'kubwerera yokha msewu ukayamba kutsetsereka. Eni ake anangozolowera kuyenda ndi chigubu cha madzi a pamjigo. Makaniko wina wa m'mbali mwa msewu anachotsa thermostat (kavalavu kotsegulira madzi opita ku radiyeta injini ikatentha) n'kuitaya, ati imatsekereza madzi. Poti inali nyengo yozizira, zinaoneka ngati zatheka. Pofika mu Okutobala galimoto inawira zenizeni, n'kuyamba kulavula madzi pa chivundikiro cha radiyeta. Anasintha gasiketi ya pakati pa hedi ndi buloko ya injini, hedi n'kukaipalitsa. Inayenda nyengo imodzi, inawiranso, anasinthanso gasiketi. Yachiwiriyi sinathe n'komwe mwezi, ndipo m'pamene anaikankhira pansi pa mtengo paja.

Mwana wawo wamkulu, yemwe ndiye ankalipira, anabwera ndi maganizo awiri: kugula injini ina yogwirapo kale ntchito, komanso kupopera penti msanga kuti bambo ake aone kuti zayambika. Zonse ziwiri tinamupempha aziimike kaye mpaka titayankha mafunso atatu. Mapepala ali bwino? Chasisi chikadali ndi moyo? Nanga chinkawiritsa injini n'chiyani, poti gasiketi sipsa yokha?

Mapepala ndi chasisi

Nambala ya chasisi ndi ya injini zinagwirizana ndi zolembedwa m'mapepala a galimoto. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ambiri amaikumbukira atafika kale ku Road Traffic, ndalama zitapita.

Bodi ya kumbuyo tinaitsitsa yonse. Imagwidwa ndi mabawuti ochepa ndipo amuna asanu ndi mmodzi amainyamula. Popanda kuitsitsa simungaone pamwamba pa chasisi, pomwe matope amakhazikika. Titatsuka tinayenda ndi hamala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimangoti phu. Mbali yaikulu inalira bwino. Malo oipa anali awiri: pafupi ndi thanki, pomwe dzimbiri linaboola khoma la mkati kutalika ngati chikhatho, ndi kutsogolo kwa chogwirira sipuling'i ya kumbuyo kumanja, pomwe panali mng'alu woyambira pansi n'kukwera masentimita pafupifupi 6. Mng'aluwo sunali wa dzimbiri. Masipuling'i a kumbuyo anali atawonjezeredwa masamba awiri mbali iliyonse, ndipo eni ake anavomera kuti ankakweza matumba a makilogalamu 50 opitirira 30. Galimoto imeneyi inapangidwira katundu wa tani imodzi kapena kuchepera, kutanthauza matumba osapitirira 20. Masamba owonjezera salimbitsa chasisi, amangochotsa chizindikiro choti mwadzaza.

Chasisi chotere chimakonzeka, choncho tinapitiriza. Thanki inachotsedwa n'kuikidwa kutali, batire ndi mawaya a alitaneta zinamasulidwa. Kumapeto kwa mng'alu tinaboola kabowo ka mamilimita 4 kuti usapitirire, tinaupala ndi girayinda kuti ukhale ngalande, n'kuwotcherera. Pamwamba pake tinaikapo chigamba cha chitsulo cha mamilimita 3, chodulidwa mosongoka mbali zonse ziwiri. Chigamba cha makona anayi chimasiya mzere wowotcherera woimirira kuchokera pamwamba mpaka pansi pa chasisi, ndipo mng'alu wina umadzayambira pomwepo. Podyeka paja tinadula mpaka titafika pa chitsulo chowala, n'kulowetsa chatsopano chofanana kukhuthala. Nthawi yonseyi galimoto inali pa zoimikira zachitsulo zokhazikika pa matabwa okhuthala. Njerwa zowotcha zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo pansi pake pamakhala munthu.

Tisanatsegule injini

Injini yomwe inaimikidwa ikumwa madzi siyenera kulizidwa ndi kiyi tsiku loyamba. Ngati mu silinda muli madzi, sitata imatha kupinda konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kirankishafuti. Tinachotsa mahita (mapulagi otenthetsa injini ya dizilo isanalire) onse anayi, tinathira oyilo wopepuka pang'ono m'bowo lililonse, n'kuisiya usiku. M'mawa tinaizunguza ndi sipanala pa bawuti wa pule ya kirankishafuti. Inalimba pang'ono poyamba, kenako inamasuka n'kuzungulira bwino. Titakhetsa oyilo wakale n'kuthira wina, tinamasula waya wa solenoid ya pampu ya dizilo kuti isalire, n'kuizunguza ndi sitata mabowo ali otsegula kuti oyilo uja atuluke yense. Bowo la nambala 3 linapemerera nkhungu yofiirira ya dzimbiri. Ena atatu anatulutsa oyilo yekha.

Kompuresheni, mphamvu yomwe silinda imapanikizira mpweya, tinayezera m'mabowo a mahita omwewo, ndi batire yodzaza. Buku la injini ya 3L limati yabwino ndi 32 kg/cm², yotsikitsitsa yololedwa ndi 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Nambala 1 inapereka 29, nambala 2 inapereka 28, nambala 3 inapereka 21, nambala 4 inapereka 28. Nambala 3 inali isanatsike pansi pa malire, koma kusiyana kwa 8 kunali kokwanira kuloza pomwe pali nthenda. Masilinda atatu enawo ankanena kuti pansi pa injini pakadali mphamvu.

Apa m'pamene nkhani ya injini ina inathera. Injini yogula pamsika simudziwa mbiri yake, nambala yake imafunika kukasinthitsa m'mapepala, ndipo choposa zonse, chomwe chinapha magasiketi awiri chikanatsala m'galimoto momwemo kudikira injini yatsopanoyo.

Hedi itatsika

Gasiketi inali itapsa pa nambala 3, kuchokera pa mkombero wa silinda kupita ku bowo la madzi. Pamwamba pa pisitoni ya nambala 3 panali poyera, zinzake zitatu zili ndi mwaye wakuda wa masiku onse. Nthunzi ndiyo imatsuka pisitoni motero. Khoma la silindayo linali ndi kamzere ka dzimbiri kosagwira chikhadabo, ndipo m'masilinda onse timizere topingasa ta kufakitale tinkaonekabe chakumunsi.

Hedi titaiyeza ndi lula yachitsulo yowongoka ndi feeler gauge (timalata toyezera mpata), m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, kupindika kwake sikunapitirire 0.05 mm paliponse, komwe kuli m'kati mwa malire ololedwa. Apa ndi pomwe amene anatsegula kale anapusitsidwa. Hedi yopalidwa kumene imakhala yowongoka ndithu, ndiye munthu amaika gasiketi ina n'kumanga, mtima uli m'malo. Kuwongoka sikunena kanthu za mng'alu. Titachotsa mwaye tinaona timing'alu pakati pa mavalavu a nambala 2 ndi a nambala 3. Timing'alu totere timapezeka pa mahedi ambiri a injini za L, ndipo tina timakhala tapamwamba chabe. Ndi maso simungasiyanitse. Tinaitumiza kwa a injiniyaring'i ku Lilongwe ndi pempho limodzi lomveka bwino: aiyeze ndi mpweya ili m'madzi otentha, osati ozizira. Ili yozizira sinatulutse kanthu. Itatenthedwa, nambala 3 inayamba kutulutsa thovu pakati pa mavalavu. Mng'aluwo unkatseguka chitsulo chikafutukuka, mpweya wa mu silinda n'kulowa m'madzi, madzi n'kukankhidwira kunja, kutentha n'kukwera, gasiketi n'kupsa. N'chifukwa chake gasiketi yachiwiri sinakhalitse.

Njira zinalipo zitatu. Kuwotcherera tinakukana: hedi ya 3L ndi ya chitsulo cha cast iron, ndipo pakati pa mavalavu ndi pomwe pamatentha kuposa pena paliponse. Hedi yatsopano yopangidwa ndi makampani ena inalipo m'masitolo, koma thumba silinkafika. Tinasankha yogwirapo kale ntchito, pa mgwirizano woti ndalama iperekedwa ikapambana mayeso omwe aja. Wogulitsa amene akukana mgwirizano wotere wakuuzani kale za katundu wake. Chenjerani ndi abale a injiniyi: mahedi a 2L, 3L ndi 5L amafanana poyang'ana, koma masilinda ake ndi a mamilimita 92, 96 ndi 99.5, ndiye nyamulani hedi yakale ndi gasiketi yoyenera pokagula. Yomwe tinapeza inapambana, a injiniyaring'i anapera mipando ya mavalavu, anaika masili atsopano, n'kutsimikiza kuti timakapu ta precombustion, momwe dizilo amayambira kuyaka, takhala molingana ndi nkhope ya hedi.

Hedi ili kutali tinayeza kutuluka kwa mapisitoni pamwamba pa buloko ndi dial gauge. Kuyeza kumeneku kumagwira ntchito ziwiri. Koyamba, kumaulula konirodi yopindika: pisitoni yomwe inamenya madzi imatsalira pansi poyerekeza ndi zinzake. Zathu zinapereka pakati pa 0.80 ndi 0.83 mm zonse zinayi, kusonyeza kuti palibe inapindika. Kachiwiri, kumasankha gasiketi. Magasiketi a 3L ali ndi makulidwe atatu, B, D ndi F, ndipo mapisitoni otuluka chonchi amafuna D. Yomwe tinachotsa inali yopyapyala kuposa apo. Si imene inayambitsa vutoli, koma ikuonetsa kuti inagulidwa popanda kuyeza. M'mabowo a mabawuti a pa buloko tinapezamo oyilo, madzi ndi zinyenyeswa za dzimbiri. Bawuti womangidwa m'bowo lotere amalimba asanapanikize gasiketi.

Sampu tinaitsitsa, tinachotsa matope akuda ndi kutsuka sefa ya pampu ya oyilo. Bering'i ya konirodi ya nambala 3, yomwe tinkaikayikira kwambiri, inapereka mpata wa 0.06 mm pa Plastigage (kaulusi koyezera mpata), malire ali 0.10 mm. Tinaika mapisitoni onse pa msinkhu wofanana, n'kuthira palafini wofanana mu silinda iliyonse. Anatsika pang'onopang'ono mofanana. Pa umboni umenewu tinasiya maring'i ndi mabering'i osawakhudza. Ena akanati poti mwatsegula kale ingosinthani zonse. Ndalama imeneyo inkafunika kwina, ndipo kwinako tinali tisanafike.

Chomwe chinkawiritsa

Mng'alu wa hedi unabwera pambuyo. Galimoto inayamba kutentha pa mtunda hedi isanasweke, ndiye chiyambi chinali kwina. Sitinachedwe kuchipeza, koma sichinali chinthu chimodzi.

Radiyeta inkaoneka yabwino kunja. Kuthira madzi pamwamba, ankatuluka pansi, ndipo ambiri amakhutira pomwepo. Koma madzi amadutsa ngakhale timapayipi tochepa tokha tili totsegula. Ya galimoto iyi ndi ya mkuwa, yomwe mathanki ake amamatulidwa. Atamatula, timapayipi toposa limodzi mwa magawo atatu tinali totsekeka ndi chikhungwa choyera cha madzi a pamjigo chosakanikirana ndi dzimbiri, ndipo timapepe ta pakati tinkayoyoka pokhudza. Kutokosa sikukanathandiza, choncho anaika pakati patsopano pa mizere itatu.

Fani inali yachiwiri. Pakati pake pali kilatchi ya oyilo wa silicone, yomwe imagwira mpweya wochokera ku radiyeta ukatentha. Injini ili yozima, fani yabwino mukaikankha ndi dzanja imaima msanga. Iyi inkazungulira yokha kangapo, ndipo kutsogolo kwake kunali fumbi lomata, chizindikiro choti oyilo uja anatha kalekale. Pa msewu wosalala mphepo ya liwiro inkaziziritsa. Pa mtunda, mu giya yachiwiri, katundu ali pamsana, liwiro palibe, fani ndiyo inkayenera kugwira ntchito, ndipo sinkagwira. Izi zikugwirizana ndendende ndi zomwe eni ake anafotokoza za ku Mvera. Pali chizolowezi chomanga fani yotere ndi mabawuti kuti izingozungulira ndi injini. Kumaziziritsa ndithu, koma kumalemetsa bering'i ya pampu ya madzi, kumadya dizilo, ndipo phokoso lake silitha. Tinaika kilatchi ina. Chotchingira fani cha pulasitiki chinali chitatayidwa kale, tinachipeza kwa ogulitsa zida zakale ku Biwi. Popanda chimenechi fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo mokoka wodutsa mu radiyeta.

Zotsala zinali zing'onozing'ono koma zonse zokokera kumodzi. Chivundikiro cha radiyeta, choyenera kugwira 0.9 kg/cm², chinali ndi labala wosweka, ndipo madzi opanda mphamvu yowapanikiza amawira msanga. Mapiko a pampu ya madzi anali atadyeka. Titachotsa zitsekerero za m'mbali mwa buloko tinapeza matope a dzimbiri ataunjikana chakumbuyo, kuzungulira masilinda a nambala 3 ndi 4. Tinatokosa ndi waya ndi kutsuka mpaka madzi atatuluka oyera, n'kuika zitsekerero zatsopano. Thermostat inabwezeredwa, ya mtundu woyamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 88, titaiyesa kaye mu poto wa madzi otentha ndi choyezera kutentha. Kuchotsa thermostat sikuwonjezera kalikonse pa mphamvu ya radiyeta yotsekeka. Kumangochititsa injini kuyenda yozizira m'mawa ndi pa mitsetse, kudzaza mwaye ndi kudya masilinda, kwinaku vuto lenileni likukula mobisika.

Manozo nawo anali ndi mbali yawo. Ogwirapo kale ntchito amayenera kutseguka pakati pa 145 ndi 155 kg/cm². Awiri, kuphatikizapo ya nambala 3, ankatseguka cha m'ma 125 ndipo ankadontha m'malo mopemerera. Nozo yodontha imatenthetsa malo amodzi ndipo imatulutsa utsi wakuda. Onse anayi anaikidwa nsonga zatsopano, ndi mawashala atsopano a pansi pake.

Kumanga

Pamwamba pa buloko tinapala mosamala mpaka posalala, mabowo a mabawuti tinawatsuka ndi kuwaumitsa ndi mpweya. Gasiketi inaikidwa youma, yopanda guluu wa mtundu uliwonse. Mabawuti a hedi alipo 18, a utali wa mitundu iwiri, ndipo ndi a mtundu wotamuka pomanga. Akalewo anali atamangidwa katatu konse, ndiye tinagula atsopano. Tinapaka oyilo pang'ono pa mazinga ndi pansi pa mitu, tinamanga kuyambira pakati kupita kunja m'magawo angapo mpaka 78 Nm ndi torque wrench, tinaika kadontho ka penti pa mutu uliwonse, n'kuzunguza madigiri 90 onse motsatana, kenako madigiri 90 enanso. Pomaliza madontho onse ayang'ane mbali imodzi. Lomwe lasiyana ndi anzake likuuzani bawuti amene mwamudumpha.

Mpata wa mavalavu pa injini iyi umakonzedwa ndi mashimu, injini ili yozizira: 0.20 mpaka 0.30 mm kolowera mpweya, 0.40 mpaka 0.50 mm kotulukira utsi. Mipando ikaperedwa mpata umachepa, ndiye mashimu akale sabwerera m'malo awo mwachisawawa. Asanu anafunika kusintha. Lamba wa taiming'i, tensioner, idler, masili a kirankishafuti ndi kamushafuti, ndi pampu ya madzi zinalowa zatsopano nthawi imodzi, poti zonse zili kuseri kwa chivundikiro chimodzi. Lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000, koma wokhala zaka zitatu osayenda sakhulupirikanso ngakhale akuoneka bwino, ndipo akaduka mavalavu amakumana ndi mapisitoni. Zizindikiro za pa mapule atatu, ya kirankishafuti, ya kamushafuti ndi ya pampu ya dizilo, zitagwirizana, tinazunguza injini ndi dzanja kawiri n'kuonanso. Pampu ya dizilo sitinaisunthe pa malo ake.

Thanki inali ndi madzi pansi, dzimbiri, ndi utoto wakuda womata womwe umamera mu dizilo wokhalitsa. Inatsukidwa ndi kuumitsidwa padzuwa, mapayipi anapemereredwa, fyuluta inalowa yatsopano. Oyilo ndi 15W-40 wa injini za dizilo, malita pafupifupi 6. Mu radiyeta munalowa coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera othira m'mabatire (distilled water). Kuno madzi saundana m'injini, koma coolant timamufunira kuteteza dzimbiri ndi chikhungwa chija. Tinasakaniza malita 10, otsala n'kukhala owonjezerera.

Injini inalira itangopopedwa dizilo. Mu radiyeta munalibe thovu, payipi ya pamwamba inayamba kutentha pa nthawi yake, ndipo kompuresheni ya nambala 3 inabwerera pa 28.

Mantha a m'mawa

Patapita masiku ochepa eni ake anaimba foni mtima uli m'mwamba. M'mawa galimoto inkavuta kulira, ikalira inkagwedezeka ndi kutulutsa utsi woyera kwa mphindi imodzi, kenako n'kukhala bwino tsiku lonse. Kwa munthu amene anaona utsi woyera kawiri konse, yankho linali limodzi: hedi yapitanso. Anafuna titsegule.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi mu radiyeta sanatsike ngakhale pang'ono. Payipi ya pamwamba inali yofewa m'mawa, pomwe mpweya wa mu silinda ukamalowa m'madzi imauma gwa injini ikangolira. Utsiwo unkanunkha dizilo wosapsa ndi kuwawa m'maso, sunali nthunzi. Mahita anali atayesedwa limodzilimodzi ndipo onse ankayaka. Pa mahita, werengani mavoti olembedwa pa akale musanagule, chifukwa injini za L zinatuluka ndi mitundu yosiyana, ndipo olakwika amapsa kapena satentha mokwanira. Tinaika kapayipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi pampu n'kusiya usiku. M'mawa munali thovu lalikulu la mpweya. Titapachika kachigubu ka dizilo woyera pamwamba n'kulumikiza ku pampu kudzera mu kafyuluta kakang'ono, injini inalira nthawi yomweyo popanda utsi. Wolakwa anali kapampu ka dzanja ka pamwamba pa fyuluta. Labala wake anali atauma. Sikankadontha dizilo, n'chifukwa chake panalibe chooneka, koma usiku kankalowetsa mpweya dizilo n'kubwerera ku thanki. Mutu wonse wa fyuluta unasinthidwa, pamodzi ndi timapayipi ta labala ta dizilo wobwerera. Hedi sinatsegulidwe.

Mabuleki, ekiselo ndi mawaya

Pa mabuleki sitinayeze chilichonse cha labala, tinangosintha: mapayipi ofewa, masilinda a kumbuyo, ndi master cylinder yomwe mkati mwake munali mabowo a dzimbiri. Makalipa a kutsogolo ali ndi mapisitoni anayi iliyonse, ndipo atatu anali atagwira. Tizitsulo ta handibuleki ta kuseri kwa madiramu, tomwe timakonda kugwira dzimbiri pa ma Hilux amenewa, tinamasulidwa ndi kupakidwa girizi. Mashu a kumanzere anali onyowa ndi oyilo wa difu. Sili inasinthidwa, komanso kabowo kopumira ka pamwamba pa ekiselo, komwe kanatsekeka ndi matope, kanatsegulidwa. Mukasiya kabowoka, sili yatsopano imadonthanso.

Pali kavalavu kena pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo komwe anthu amakaiwala. Kamawonjezera mphamvu ya mabuleki a kumbuyo galimoto ikatitimira ndi katundu. Kanali katagwira, koma ngakhale kakanakhala kamoyo, masamba owonjezera aja ankakanamiza: galimoto yodzaza sinkatitimira, ndiye kavalavu kankaona ngati ilibe katundu, ntchito yonse n'kutsalira mabuleki a kutsogolo pa mtsetse. Tinabwezera masipuling'i pa chiwerengero chake, ndi mabushi ndi ma U-bolt atsopano. Pochotsa mpweya tinayambira tayala lakutali ndi master cylinder, kavalavuka n'kumalizira. Mafuta ake ndi DOT 3. Pampu ya vacuum ya kuseri kwa alitaneta inkakoka bwino, tinangosintha timapayipi take ta oyilo.

Ekiselo ya kutsogolo inkadontha m'mabondo monse muwiri. Sili ya mkati ikatha, oyilo wa difu amasakanikirana ndi girizi wa birfield (jointi ya m'kati mwa bondo) n'kukhala ngati phala lamadzi. Kusintha zopukutira za kunja zokha n'kutaya nthawi. Tinamasula zonse, masili a mkati ndi mabering'i a pamwamba ndi pansi pa bondo analowa atsopano, mashimu anabwerera aliyense pomwe anachoka, girizi ndi wakuda wa moly. Madifu anathiridwa 80W-90 GL-5. Mawaya odyedwa ndi makoswe analumikizidwa ndi mtovu wosungunula (solder), osati kungopota, ndipo mawaya a earth a pa injini ndi pa bodi anapalidwa mpaka kuwala. Mafyuzi awiri anali atalowedwa m'malo ndi waya wamkuwa. Matayala onse anasinthidwa ngakhale awiri anali ndi mapanga, chifukwa manambala anayi a m'mbali mwake, osonyeza sabata ndi chaka chopangidwa, ankanena zaka zoposa khumi.

Penti inabwera pomaliza. Pansi pa bodi ya kumbuyo panali patadyeka ndi feteleza wotayikira, yemwe akanyowa amadya chitsulo msanga kuposa matope. Panalowa chitsulo cha mamilimita 2. Pansi pa kabu, mbali ya dalaivala, tinagamba ndi cha 1.2 mm powotcherera ndi gasi, poti makina a ndodo amaboola chitsulo chopyapyala chotere. Filala sanapitirire mamilimita 3 paliponse. Anapopera m'mawa kunja kuli bata, pansi atathira madzi kuti fumbi lisadzuke.

Zotsatira

Galimoto inapambana COF ulendo woyamba. Mayeso athu enieni anali mtunda womwe uja wa ku Mvera, masana a mu Okutobala, ndi matumba 18. Singano ya pa dashibodi ya galimoto zimenezi imakhala pakati kwa nthawi yaitali kutentha kukukwera, ndipo ikayamba kusuntha zinthu zimakhala zitafika kale patali, choncho tinawonjezera geji ina ya manambala pa payipi yotulukira madzi ku hedi. Pamalo osalala inkasonyeza pakati pa 86 ndi 89. Pa mtunda inafika 96, fani inamveka ikubangula, kutentha n'kutsikira pa 91 galimoto ikadali kukwera. Eni ake anauzidwa kuti ikadutsa 100 atsitse giya, ikafika 105 aime pambali injini ikulira, ndipo chivundikiro cha radiyeta asachitsegule ili yotentha.

Oyilo ndi fyuluta zinasinthidwa pa makilomita 1,000 oyamba kuti zotsalira za m'injini zituluke, kenako pa makilomita 5,000 aliwonse. Itatha nyengo yonse yokolola, madzi anali asanawonjezeredwepo, chigamba cha pa chasisi chinalibe mng'alu, ndipo mpata wa mavalavu unali m'malire. Injini imadya oyilo pafupifupi theka la lita pakati pa masevisi awiri, zomwe zikugwirizana ndi maring'i akale omwe tinawasiya. Giyabokosi imakhwekhwereza polowa giya yachiwiri m'mawa oyilo asanatenthe, chizindikiro cha kutha kwa synchro, kamkombero kothandiza giya kulowa bwino. Eni ake asankha kuyenda nayo choncho mpaka kilatchi idzafune kusintha, kuti giyabokosi idzatsike kamodzi.